Chikepe Chimanyamula Moyo: Mfundo Zofunika kwa Ife a ku Chainda

Nyumba zathu ku Chainda, kuno ku Lusaka, n'zapansi. Ukatuluka pakhomo phazi limaponda dothi, ndipo palibe amene amadikira makina kuti akafike kuchipinda chogona. Komabe m'mawa uliwonse mabasi otsika Great East Road amanyamula anthu a kwathu kuno kupita nawo ku nyumba zosanja za m'tauni: alonda, amayi okolopa m'maofesi, anyamata osenza katundu m'masitolo, ophika, ndi odwazika matenda opita ku chipatala cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa. Anthu amenewa amakwera chikepe, chimene ambiri timangoti lifiti, kambirimbiri kuposa eni nyumbazo. N'chifukwa chake nkhani yoyendera ndi kuyesa zikepe ndi yathu, ndipo muli mfundo zimene munthu angazisinkhesinkhe ngakhale atakhala pakhonde pake.

1. Wokwera ali ndi ufulu wofunsa

Findeco House, imene yaima pa Cairo Road kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ili ndi nsanjika 23. Taganizirani mayi wokolopa m'nyumba yaitali chotero, ndowa ili m'manja, akukwera ndi kutsika kuyambira mbandakucha mpaka madzulo. Bwana amakwera m'mawa, n'kudzatsika poweruka. Mayiyu ndi mlonda ndiwo amene moyo wawo umalendewera pazingwe za chikepe tsiku lonse.

Kumigodi n'chimodzimodzi. Pa 27 Novembala 2023, pa mgodi wa Impala ku Rustenburg m'dziko la South Africa, chikepe chotulutsa antchito pansi chinabwerera mwadzidzidzi. Anthu 11 anafa tsiku lomwelo, ena awiri anadzamwalira pambuyo pake, ndipo ambirimbiri anavulala. Onsewo anali atangoweruka, akubwerera kwa ana awo.

Tinaleredwa kuti wantchito sayankha bwana, ndipo ulemu umenewu ndi wabwino. Koma akuluakulu omwewo anatinso safunsa anadya phula. Kunena kuti, "Pepani bwana, kodi lifitiyi anaiyendera liti?" si mwano. Ndi funso la munthu amene ali ndi banja lomudikira.

2. Chitetezo chimakonzedwa poganizira tsiku loipa

Anthu anayamba kalekale kukweza katundu ndi zingwe, koma ankaopa kukwerapo okha, chifukwa funso limodzi linalibe yankho: nanga chingwe chikaduka? Mu 1854, pa chionetsero china ku New York, Elisha Otis anaima pa thandala lokwezedwa m'mwamba, n'kulamula kuti chingwe chidulidwe anthu akuona. Thandalalo linangotsika pang'ono n'kuima, chifukwa zitsulo zimene anakonza zinaluma m'mbali. Mu 1857 chikepe chake choyamba chonyamula anthu chinaikidwa m'sitolo ina mumzinda womwewo.

Chikepe cha lero chimatsatira nzeru yomweyo, koma moonjezera. Chimapachikidwa pazingwe zachitsulo zingapo, ndipo muyezo wa ku Ulaya, umene opanga zikepe ambiri amatsata, umafuna kuti zingwezo zithe kupirira kulemera koposa kakhumi ndi kawiri katundu amene zimanyamula. Mbali ina kuli chitsulo cholemera chimene chimatsika chikepe chikamakwera. Kulemera kwake kumafanana ndi chikepe chopanda anthu kuphatikiza pafupifupi theka la katundu wololedwa, kuti mota isamavutike. Pamwamba pali kachipangizo koyang'anira liwiro, amisiri amati gavanala. Chikepe chikathamanga kupyola liwiro lake ndi magawo 15 pa 100 kapena kuposerapo, gavanala imakoka zitsulo za pachikepe, ndipo zitsulozo zimaluma njanji ziwiri zoimirira m'mbali. Pansi m'dzenje muli zotchinjiriza kuti chikepe chisamenye simenti. Zitseko nazo zili ndi loko wolumikizidwa kumagetsi: chitseko chimodzi chokha chikapanda kukhoma, chikepe sichiyenera kusuntha.

Zonsezi anaziika anthu amene anakhala pansi n'kuvomereza kuti zinthu zimaonongeka. Ife a m'makomboni nzeru imeneyi timaidziwa bwino: ngalande timakumba mu Okutobala, sitidikira kuti madzi alowe m'nyumba mu Januwale. Munthu wokonzekera zoipa sakuziitana. Akusamala anthu amene wapatsidwa kuti awasunge.

3. Chosayesedwa sitingachidalire

Apa m'pamene pali mtima wa nkhaniyi. Zitsulo zoluma njanji zija zikhoza kukhala zaka zambiri osagwirapo ntchito ngakhale kamodzi, chifukwa tsiku loipa silinafike. Pa zaka zonsezo fumbi likulowa, mafuta akuuma, dzimbiri likudya. Chikepe chimakwera ndi kutsika bwinobwino, wokwera osadziwa kanthu. Njira yodziwira ngati zitsulozo zikadali zamoyo ndi imodzi yokha, kuziyesa dala.

Ndinaonapo amisiri akuyesa chikepe chatsopano m'nyumba ina m'tauni. Anatseka njira ndi tepi yofiira, n'kuyamba kulowetsa zitsulo zolemera, chimodzichimodzi, wina akuwerenga mokweza, wina akulemba. Anadzaza mpaka kupyola katundu wololedwa ndi magawo 25 pa 100. Mkati simunalowe munthu. Anachitsitsa chikepecho, ndipo chili pa liwiro anadula magetsi kuti aone ngati mabuleki angachiimitse ndi katundu yense uja. Chinaima. Atatero anayesa zitsulo zoluma njanji. Panamveka kugunda kumene kunagwedeza pansi pomwe tinaima, ndipo mkulu wa amisiriwo anatenga tochi n'kukayang'ana zipsera zimene zitsulozo zinasiya panjanji, kuti aone ngati mbali zonse ziwiri zinaluma mofanana.

Kuyendera kwa nthawi ndi nthawi kulibe phokoso lotere, koma kumafuna maso akuthwa. Woyendera amakwera pamwamba pa chikepe n'kumayenda nacho pang'onopang'ono, akuyang'ana chingwe chilichonse. Amayeza kunenepa kwake, chifukwa chingwe chotha chimaonda. Amafufuza timawaya toduka, ndi kafumbi kofiirira kotuluka pakati pa chingwe, kamene kamasonyeza kuti chikudyeka mkati. Amayesa loko wa chitseko pa nsanjika iliyonse, osadumphako. Amaona ngati chikepe chikuima molingana ndi pansi, pakuti muyezo umalola kusiyana kwa mamilimita 10 okha poima, ndipo kupyola apo agogo kapena wodwala amapunthwa. Amaliza belu, amazimitsa magetsi kuti aone ngati nyale ya batire ikuyaka. Kenaka amatsikira m'dzenje la pansi. Mu Lusaka dzenje limeneli n'lofunika kulisuzumira kawirikawiri, chifukwa nthawi ya mvula madzi a pansi amakwera msanga, ndipo madzi ndi mawaya a magetsi sizigwirizana.

Munthunso ali chimodzimodzi. Kukhulupirika kwake sitikudziwa pa masiku amene zonse zili bwino. Tisamadane ndi kufunsidwa maakaunti, kuyenderedwa pantchito kapena kuwerengedwa katundu wa mpingo. Amene ali bwino amatuluka m'mayeso ali wodalirika kuposa kale.

4. Munthu sadziweruza yekha

Makaniko amene amabwera kudzathira mafuta ndi kusintha zotha amagwira ntchito yofunika. Koma kukonza ndi kuyendera ndi ntchito ziwiri. Lamulo la mafakitale la dziko lino, Factories Act la mu 1966, linaika kale muyezo wakuti chikepe chiyenderedwe mokwanira ndi katswiri kamodzi pa miyezi 6 iliyonse, ndipo zimene wapeza zilembedwe. Ku Britain nakonso zikepe zonyamula anthu pamalo a ntchito zimayenderedwa pa miyezi 6. Lamulo lathu linalembedwa poganizira mafakitale, koma moyo wa munthu wokwera chikepe cha kuchipatala, kuhotela kapena ku maofesi a boma ndi womwewo, ndipo ine ndikuona kuti mwini nyumba aliyense wachilungamo ayenera kudziikira muyezo umenewu popanda kukakamizidwa.

Woyendera akhale wina, osati amene amakonza. Palibe amene amaona bwino zolakwa za manja ake, ndipo kampani yokonza ili ndi kontirakiti yoti iteteze. Mwini nyumba afunse ngati injiniya amene wabwera ndi wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia. Ndipo injiniyayo adziwe kulemera kwa siginecha yake. Kusaina satifiketi uli m'galimoto, osakwera kuchipinda cha makina, osatsikira m'dzenje, ndi kuchitira umboni wonama. Pepala lotero n'loipa kuposa kusakhala nalo, chifukwa limagoneka tulo anthu amene akanakhala tcheru. Wolandira kangachepe kuti asaine, ndi womupatsa, onse awiri agulitsa anthu amene sakuwadziwa n'komwe.

5. Usatseke pakamwa chinthu chokuchenjeza

Pa 23 Meyi 2021, pa phiri la Mottarone ku Italy, chingwe chokoka ngolo yam'mwamba yonyamula alendo chinaduka. Ngoloyo inali ndi mabuleki opangidwira tsiku ngati limenelo. Sanagwire, chifukwa anali atatsekeredwa dala ndi zitsulo. Mabulekiwo ankangogwira okha pafupipafupi n'kumaimitsa ntchito, ndiye m'malo mofufuza gwero la vutolo anthu anasankha kuwamanga. Anthu 14 anafa. Anapulumuka ndi mwana mmodzi yekha wa zaka 5.

M'zikepe tchimo limeneli limachitika ndi kawaya kakafupi. Loko wa chitseko akayamba kuvuta, chikepe chimangoima, anthu amadandaula, bwana amakalipa. Makaniko wotopa, kapena wouzidwa kuti ndalama zogulira loko watsopano palibe, amalumikiza kawaya kodumpha lokoyo. Chikepe chimayambanso kuyenda, aliyense n'kumuthokoza. Koma kuyambira ola limenelo chikhoza kunyamuka chitseko chili chotsegula, mwendo wa munthu uli pakati.

Chikepe chimene chakana kuyenda nthawi zambiri chikuchita ntchito yake, chikukana kunyamula anthu pamene china chake sichili bwino. Kwa amisiri a kwathu kuno, achimwene athu amene anaphunzira zamagetsi ndipo amadya za ntchito imeneyi, ndikuti: bwana akakukakamizani kudumpha loko, kanani, ndipo lembani m'buku kuti mwakana. Ntchito ikhoza kutha n'kupezeka ina. Ndipo tonsefe tidzifunse kuti ndi angati amene tinawatseka pakamwa m'banja, mumpingo kapena pantchito chifukwa chakuti chenjezo lawo linkatichedwetsa.

6. Tsoka la chikepe limanunkha

Timakonda kunena kuti tsoka silinunkha. Pa zinthu zina n'zoona, koma makina amayamba adandaula asanaphe munthu. Chikepe chimayamba kuima mopyola pansi pang'ono. Chimanjenjemera ponyamuka. Chitseko chimatseka n'kutsegukanso katatu. Pamamveka kukhulana kwa zitsulo, kapena fungo la waya wopsa. Belu limasiya kulira. Mu Juni 2006 ku Tokyo, mnyamata wa zaka 16 anafa akutuluka m'chikepe cha nyumba imene ankakhala, chitanyamuka chitseko chili chotsegula. Ofufuza analoza mabuleki otha, ndipo zinadziwika kuti zikepe za m'nyumbamo zinali zitavutapo kangapo m'mbuyomo.

Ndani amayamba kuona zizindikiro zimenezi? Si injiniya wobwera pa miyezi 6. Ndi mlonda wa usiku, ndi mayi wokolopa. Mayi wina woyandikana nane, amene amakolopa m'nyumba ina ya maofesi, anandiuza kuti chikepe chakumeneko chinayamba kuima motsika, moti tayala la ngolo yake ya ndowa linkakodwa pakhomo m'mawa uliwonse. Anauza kapitawo. Yankho linali lakuti, "Amayi, inu ntchito yanu ndi mopu." Iye sanaleke. Anapempha mlonda kuti alembe m'buku la zochitika, tsiku ndi nthawi, ndipo makaniko atabwera mayiyo anamudikira pakhomo n'kumuonetsa ndi chala. Chikepecho anachitseka tsiku lomwelo mpaka atachikonza.

Mayi ameneyu anachita zimene lamulo lenilenilo limayembekezera. Occupational Health and Safety Act la mu 2010 linalamula kuti pamalo pamene pali antchito 10 kapena kuposerapo pakhale komiti yoona za umoyo ndi chitetezo, momwe muli oimira antchito. Komiti yotere ilibe phindu ngati mawu a wokolopa sakufikamo. Akapitawo ndi mamanijala, nzeru siyendera yunifolomu. Amene mumamuona wapansi ndiye ali pafupi ndi makina anu.

7. Pa mdima, kudekha kumapulumutsa

Chaka cha 2024 sitidzachiiwala. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi ngozi yogwera dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika, ndipo pofika Seputembala madera ambiri ankakhala maola mpaka 21 pa tsiku opanda magetsi. M'dziko lotere, kuyesa chikepe magetsi alipo kokha n'kuyesa theka. Pali kachipangizo ka batire kamene magetsi akathima kamayendetsa chikepe pang'onopang'ono mpaka pa nsanjika yapafupi n'kutsegula chitseko. Koma batire imafa mwakachetechete, makamaka ikamagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Jenereta nayo iyesedwe chikepe chili cholumikizidwa, kuti zidziwike ngati ingachinyamule.

Mukatsekeredwa mkati, dziwani izi. Magetsi akathima mabuleki a chikepe amagwira okha, chifukwa anapangidwa kuti magetsi ndiwo aziwatsegula. Mpweya umalowa, chikepe chili ndi mipata yake. Malo otetezeka kwambiri ndi mkati momwemo. Amene amavulala kwambiri ndi amene akanula chitseko n'kuyesa kudumpha chikepe chili pakati pa nsanjika ziwiri: pansi pake pamakhala mpata wopita kudzenje, ndipo magetsi akabwera chikhoza kusuntha munthu ali pakhomo. Lizani belu, imbani foni, khalani pansi, tonthozani ana.

Kwa alonda, ndikudziwa kuti kumva munthu akulira mkati kumapweteka mtima, ndipo dzanja limathamangira chitsulo chokanulira. Musatero ngati simunaphunzitsidwe. Imbirani makaniko, ndipo ngati mkati muli wodwala kapena makaniko sakupezeka, imbirani ozimitsa moto pa 993. Kenaka imani pachitseko n'kumalankhula nawo: "Amayi, musaope, tili pompano, amisiri ali m'njira." Mawu amenewo ndi thandizo lalikulu. Ndipo mwini nyumba amene sanapatse mlonda wake nambala ya makaniko, kapena kumuphunzitsa chochita, wamusiya yekha pa udindo umene si wake.

8. Malire alipo kuti atisunge

M'chikepe chilichonse muli kachitsulo kolembedwa, mwachitsanzo, anthu 8 kapena makilogalamu 630. Amawerengera pafupifupi makilogalamu 75 pa munthu mmodzi. Tinazolowera m'basi kuti malo a mmodzi sasowa, koma chikepe chikalira kuti chadzaza, wolowa pomaliza atuluke mwaulemu. Matumba a simenti ndi mafiriji ali ndi kulemera kwawo, awerengedwe. Ndipo kutchinga chitseko ndi ndowa kapena phazi tsiku ndi tsiku kumaononga chinthu chomwecho chimene chidzateteze mwana wa wina mawa.

9. Chikepe chakufa chimatsekera kunja ofooka

Wamphamvu akapeza chikwangwani chakuti chikepe sichikugwira ntchito amangodandaula n'kukwera masitepe. Woyenda panjinga ya olumala amabwerera kunyumba. Mayi wapakati, agogo a nyamakazi, wodwala wochokera ku opaleshoni, kwa onsewa nsanjika yachinayi imasanduka dziko lakutali. Amene anasenzapo m'bale wake pa masitepe a chipatala, anthu anayi atagwira ngodya za bulangete, akudziwa manyazi ndi mantha amene wodwalayo amamva. Dziko lino lili ndi Persons with Disabilities Act la mu 2012, limene limafuna kuti olumala athe kufika m'nyumba zotumikira anthu. Chikepe chokhala miyezi chili chakufa chimaphwanya cholinga chimenecho tsiku lililonse.

Vuto lathu nthawi zambiri si kugula. Timapeza ndalama zomangira ndi zodulira riboni, koma za kusamalira timaziika kumapeto kwa bajeti. Wogula chikepe afunsiretu ngati zipangizo zake zimapezeka, ngati m'dziko muno muli amisiri ochidziwa, ndiponso kuti ndalama zochisamalira chaka ndi chaka zidzachokera kuti. Kumanga chinthu chimene sudzatha kuchisamalira n'kulonjeza anthu zabodza.

10. Uthenga wowawa ulandiridwe

Kuyendera kuli ndi phindu pokhapokha ngati mwini nyumba ali wokonzeka kumva zimene sakufuna. Mu Okutobala 2024 bungwe la NAPSA linatseka Society Business Park pa Cairo Road, kuphatikizapo hotela ya Hilton Garden Inn, akatswiri atapeza kuti mbali ina ya nyumbayo inali ndi zofooka. Vuto silinali la chikepe, koma phunziro lake likutikhudza. Amalonda anasamuka mwadzidzidzi, antchito ambiri anasokonezeka, ndalama zinatayika, ndipo mafunso okhudza mmene nyumba yokonzedwa kumene inafikira pamenepo ndi oyenera kufunsidwa. Koma anthu anatuluka ndi miyendo yawo. Pa mfundo yokhayo ya kutseka, ine ndikuti anachita bwino.

Chikepe chikalephera mayeso chitsekedwe tsiku lomwelo, ngakhale kukubwera alendo olemekezeka, ngakhale alendi akalipe. Eni nyumba ndi mamanijala, matani satifiketi ya kuyendera mkati mwa chikepe, poonekera, yokhala ndi tsiku limene chinayenderedwa ndi tsiku limene chidzayenderedwenso. A Unduna wa Zantchito, tumizani oyendera anu m'nyumba zosanja za mumzinda uno, kuyambira zipatala. Ndipo inu anzanga a ku Chainda, mukalowa m'chikepe mawa kuntchito, yang'anani pakhoma. Ngati palibe pepala, kapena tsiku lake linapita kale, kauzeni kapitawo, ndipo pemphani kuti zilembedwe m'buku.